Musataye mwala wa mwana

Makolo, werengerani ana nkhani iyi mokweza, pang'onopang'ono, mutu umodzi pa tsiku.

Ana amakonda kutola miyala. Amatola pa njira ya ku sukulu. Amatola ku mtsinje. Amatola m'munda pamene akulu akulima. Madzulo amayi amapeza miyala m'thumba la kabudula, n'kunena kuti: "Taya! Ung'amba covala." Abambo nawo amati: "Mwala sudyedwa."

N'zoona, mwala umang'amba thumba. N'zoonanso kuti mwala sudyedwa. Koma ife tikuti: musataye mwala wa mwana. Yambani mwamufunsa kuti: "Waona ciyani pa mwalawu?" Mwana amene watola mwala waona kanthu. Mwina waona mtundu wake. Mwina waona kunyezimira. Mwina waona timabowo. Kuona kumeneku ndiko ciyambi ca maphunziro.

Mwala uliwonse uli ndi mbiri yake. Mbiriyo sinalembedwe ndi colembera. Inalembedwa ndi timibulu tating'ono timene tili m'kati mwa mwalawo. Munthu wodziwa kuyang'anitsitsa amaiwerenga. Lero tikamba za miyala ya mtundu umodzi, miyala imene inacokera ku moto wa pansi pa nthaka.

Mwala umene unali phala

Ana inu, mumalidziwa phala likakhala pa moto. Limatentha. Limabwata. Limatulutsa nthunzi. Mukalisiya m'mbale, limazizira n'kulimba.

Pansi pa nthaka, kutali kuposa citsime ciliconse, n'kotentha. M'malo ena kumatentha mpaka miyala imasungunuka. Imakhala ngati phala lofiira. Phala limeneli timalicha ciphalaphala. Madzi amawira akafika madigiri 100. Koma ciphalaphala cimatha kufika madigiri 1200. Moto wa pa mafuwa sufika pamenepo.

Nthawi zina ciphalaphala cimapeza mng'alu. Cimakwera, cimakwera, mpaka cimatulukira kunja. Pena cimatuluka ndi phokoso, phulusa ndi utsi. Pena cimangoyenda ngati mtsinje wa moto. Malo amene cimatulukira timawacha phiri lophulika. M'Cipwitikizi amati vulcão.

Kunja kuno kuli mphepo ndi mvula. Conco ciphalaphala cimazizira, n'kusanduka mwala. Mwala wofala kwambiri wa mtundu umenewu ndi wakuda ndiponso wolemera. Dzina lake m'mabuku ndi basalt. M'Cipwitikizi amati basalto.

Kodi kwathu kuno kunayakapo moto wotere?

Lero m'dziko lathu la Moçambique mulibe phiri limene likuphulika. Musaope. Koma kale kwambiri moto unalipo. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, nthaka ya kum'mwera kwa Africa inang'aluka m'malo ambiri. Ciphalaphala cinatuluka n'kuphimba dera lalikulu.

Zotsalira zake zikadalipo. Mapiri a Libombos, kum'mwera kwa dziko lathu, pa malire ndi Eswatini ndi South Africa, ndi ciphalaphala cimene cinauma. Nayonso Zambezi, mtsinje wathu waukulu, imayenda pa miyala yotere. Kumtunda, pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, madzi ake amagwa pa basalt. Mtsinjewo ukalowa m'cigawo ca Tete, umapezanso basalt m'malo ena a cigwa cake. Kumunsi kwa mzinda wa Tete, pa Lupata, umapyola pakati pa mapiri, ndipo ina mwa miyala ya pamenepo inalinso ciphalaphala.

Koma si mwala uliwonse wakuda umene unacokera ku phiri lophulika. Miyala yambiri ya ku Angónia inapangikira pansi pa nthaka, sinatulukire kunja ili yamoto. Ndiye tingadziwe bwanji? Miyala iwiri ikhoza kufanana kunja, koma mbiri yake n'kukhala yosiyana. Kuti tidziwe, tiyenera kuona m'kati.

Mwala wopyapyala kuposa tsitsi

Pali cipangizo cimene cimakulitsa tinthu tating'ono. Dzina lake ndi maikulosikopu. Mwina munaiona ku cipatala, kumene amayang'ana nayo magazi pofuna tizirombo ta malungo. Munthu amaika diso pamwamba. Kuwala kumacokera pansi, n'kudutsa m'cinthu cimene akuyang'anaco.

Koma kuwala sikudutsa m'mwala. Ikani mwala kutsogolo kwa nyali, muona mthunzi wokhawokha. Nanga akatswiri a miyala amatani?

Amaceka mwalawo ndi maceka apadera. Amatengapo kacidutswa kocepa kuposa bokosi la macesi. Amakamata pa kagalasi. Kenaka amayamba kukapera. Amapera, amapera, monga mmene agogo amaperera mawere pa mphero. Amaleka pamene katsala kopyapyala kuposa tsitsi la m'mutu mwanu.

Tengani rula ya ku sukulu. Onani timizere take tating'ono. Kucokera pa kamzere kamodzi kufika pa kanzake ndi milimita 1. Tizidutswa 33 ta mwala wopera conci, titasanjikizidwa pamodzi, tingakwane m'kadanga kameneko. Mwala ukapyapyala conco, kuwala kumadutsa ngati pa zenera.

Mmodzi mwa anthu oyamba kucita zimenezi anali Henry Sorby, wa ku Sheffield, ku England. Anayamba mu 1849. Ankapera miyala ndi manja ake. Anthu ena ankamuseka. Kwa iwo phiri linali cinthu cacikulu, cosayenera kuciphunzira poyang'ana kacidutswa. Iye sanaleke. Mu 1858 anafalitsa zimene anapeza. Anaonetsa kuti tinthu tobisika m'kati mwa timibulu timasonyeza ngati mwala unapangikira m'madzi kapena unacokera ku moto. Lero akatswiri a miyala pa dziko lonse amacita zomwezo zimene anthu ankamuseka nazo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mitundu yobisika m'mwala wakuda

Maikulosikopu ya miyala ili ndi masefa awiri. Amayi amasefa ufa, koma masefa awa amasefa kuwala. Sefa imodzi ili pansi pa mwala, inzake ili pamwamba. Masefawo akapingasana popanda kanthu pakati, munthu amangoona mdima. Koma akaikapo kagalasi ka mwala kaja, mitundu imatulukira. Mwala umene unali wakuda bii umaoneka ngati kapulana yatsopano. Palibe amene wapaka utoto. Mitunduyo imabwera cifukwa ca mmene kuwala kumadutsira m'kambulu kalikonse.

Pamenepo timaona kuti mwala si cinthu cimodzi. Uli ngati dengu la mbewu zosakaniza: cimanga, nyemba ndi mtedza. Mbewu za m'mwala timazicha maminerali. Mu basalt mumapezeka kawirikawiri maminerali 4. Mayina ake ndi acilendo, ndipo ana asavutike kuwaloweza. Cofunika ndi maonekedwe ake.

Minerali yoyamba ndi plagioclase. Timibulu take n'tatalitali ngati timitengo ta macesi. Tili ndi mizere yoyera, yotuwa ndi yakuda, ngati mbidzi.

Yaciwiri ndi olivine. Ndi maso okha imaoneka yobiriwira. Pa maikulosikopu imawala kuposa zinzake: pena yabuluu, pena yofiirira, pena yacikasu. Timibulu take tili ndi ming'alu yokhotakhota. Olivine imayamba kupangika ciphalaphala cikadali cotentha kwambiri. Ndiye mwana wacisamba m'banjamo.

Yacitatu ndi pyroxene. Nthawi zambiri imaoneka yacikasu kapena ngati lalanje. Ili ndi timizere towongoka, ndipo pena timizereto timapingasana ngati mawaya a sefa.

Yacinayi ndi magnetite. Iyi ndi yakuda nthawi zonse. Ngakhale aipere bwanji, kuwala sikudutsa. Muli citsulo cambiri, ndipo maginito amaikoka. Mukadutsitsa maginito pa mcenga wakuda wa mu mtsinje, timibulu timene timakakamira nthawi zambiri ndi magnetite.

Palinso cina cosangalatsa. Kambale kamene amaikapo mwala kamazungulira. Munthu akakazunguza, kambulu kamawala, kenaka kamada, kenaka kamawalanso. Pozungulira kamodzi kamada ka 4. Koma timibulu tonse sitida nthawi imodzi. Aka kakamada, ako kakuwala. Conco mwala wonse umaphethira ngati ziphaniphani usiku.

Timibulu timanena za nthawi

Tsopano tafika pa phata la nkhani. Katswiri sayang'ana mitundu yokha. Amayang'ananso kukula kwa timibulu ndi mmene takhalira. Lamulo lake n'losavuta, ndipo mwana wa kalasi yoyamba akhoza kulimva: kambulu kamafuna nthawi kuti kakule.

Ciphalaphala cikazizira pang'onopang'ono, timibulu timakula. Cikazizira msanga, timakhala tating'ono. Zili ngati mbatata. Mukakumba msanga, mumapeza zing'onozing'ono. Mukadikira, mumapeza zikuluzikulu.

Citsanzo cili kwathu konkuno. Kufupi ndi mzinda wa Tete ndi Moatize kuli mwala wakuda wochedwa gabbro. Maminerali ake ambiri ndi omwe aja a mu basalt. Koma timibulu ta gabbro ndi tikulutikulu, timaoneka ndi maso okha. Cifukwa ciyani? Ciphalaphala cake sicinatulukire kunja. Cinatsekeredwa pansi zaka pafupifupi 1000 miliyoni zapitazo, miyala ina itacifunditsa ngati bulangeti. Cinatenga zaka zambirimbiri kuti cizizire. Koma ciphalaphala ca basalt cinatulukira kunja, mphepo n'kuciziziritsa msanga. Timibulu take sitinapeze nthawi yokula. Gabbro ndi basalt ali ngati ana a mimba imodzi, wina wokulira m'nyumba, wina wokulira pa bwalo.

Pali zizindikiro zina 4 zimene katswiri amafuna.

Coyamba ndi timibulu tikulutikulu pakati pa tating'ono, ngati mtedza wosasinja m'phala. Mwala wotere unazizira kawiri. Ciphalaphala cinayamba kuzizira cili pansi, timibulu tina n'kukula. Kenaka cinakankhidwira kunja, cotsalaco n'kuuma msanga. Timibulu tikulutikuluto nthawi zina tili ndi mizere yozungulira, ngati anyezi wodula pakati. Mzere uliwonse umasonyeza kuti pansipo panasintha kanthu. Mwina kutentha kunacepa. Mwina ciphalaphala catsopano cinafika.

Caciwiri ndi timabowo. M'ciphalaphala muli mpweya. Cikamakwera, mpweyawo umapanga thovu, monga zimacitikira mukatsegula botolo la cakumwa coziziritsa kukhosi. Cikauma thovu lisanathe, mwala umatsala ndi timabowo ngati ta m'buledi. Pali mwala wina wochedwa pumice. Uli ndi timabowo tambiri zedi, moti umayandama pa madzi. Patapita zaka zambiri, madzi oyenda m'nthaka amatha kubweretsa maminerali ena n'kudzaza timabowoto. Ndiye cifukwa cake basalt wina ali ndi mawanga oyera.

Cacitatu ndi galasi. Ciphalaphala cikazizira mofulumira kwambiri, sipakhala kambulu ngakhale kamodzi. Pamakhala galasi lacilengedwe. Pakati pa masefa awiri aja galasi limakhala lakuda, ngakhale muzunguze kambale kangati. Mwala wina wagalasi umachedwa obsidian. Ukasweka umathwa kwambiri. Anthu akale a ku Kenya ndi ku Ethiopia ankapanga nawo mipeni.

Cacinayi ndi kumene timibulu taloza. Pena timibulu tatalitali tonse timaloza kumodzi, ngati matemba osambira pamodzi. Zimenezi zimasonyeza kuti ciphalaphala cinali kuyenda pamene cinkauma.

Lamulo limeneli silithera pa dziko lapansi. Mwezi ukakhala wathunthu, onani mawanga ake akuda. Mu 1969 anthu a ulendo wa Apollo 11 anafika pa mwezi, n'kubwerako ndi miyala. Akatswiri anaiceka, anaipera, anaiika pa maikulosikopu. Anaona plagioclase ndi pyroxene. Mawanga akuda a pa mwezi ndi zigwa za basalt.

Ena akhoza kutsutsa

Wina anganene kuti: "Sukulu yathu ilibe maikulosikopu. Ilibe ngakhale mabenci okwanira. Nkhani imeneyi ndi ya ana a m'mizinda." Tamva. Sukulu zambiri za kumidzi zilibedi cipangizoci, ndipo ca miyala n'codula. Koma maikulosikopu imangokulitsa. Siphunzitsa munthu kudekha. Munthu wosazolowera kuyang'anitsitsa akaikapo diso amangoti: "N'zokongola," basi. Wozolowera amafunsa kuti: "Bwanji aka n'kakakulu, koma aka n'kakang'ono?" Cizolowezi cimeneci sicigulidwa ku sitolo. Cimayambira pa khonde, ndi mwala wa pa njira.

Wina anganene kuti: "Mwanayu ngwamng'ono. Ayambe wadziwa kuwerenga ndi kuwerengera." Koma diso limene likusiyanitsa mwala wosalala ndi wokhakhala ndi lomwelo limene lidzasiyanitse b ndi d. Dzanja limene likuika miyala m'magulu likuwerengera kale: 1, 2, 3. Mwala sulanda nthawi ya buku. Umalithandiza. M'mera mpoyamba.

Winanso anganene kuti: "Nanga phindu lake n'ciyani?" Funso limeneli n'labwino, ndipo lili ndi mayankho atatu.

Loyamba ndi moyo wa anthu. Ku Congo kuli mzinda wa Goma. Pafupi pake pali phiri lophulika lochedwa Nyiragongo. Mu 2002 phirilo linaphulika. Ciphalaphala cinadutsa pakati pa mzinda mpaka kukalowa m'nyanja ya Kivu. Anthu oposa 300 000 anathawa. Mu 2021 linaphulikanso, ndipo nyumba zambiri zinapsa. Ciphalaphala ca phiri limeneli n'camadzimadzi, cimathamanga kwambiri. Mapiri ena ali ndi ciphalaphala colimba ngati nsima. Mpweya umavutika kutuluka m'menemo, conco phiri limaphulika mwamphamvu n'kumwaza phulusa kutali. Miyala yakale ya phiri imasonyeza khalidwe la phirilo. Maikulosikopu sinena tsiku limene phiri lidzaphulike. Pa nchito imeneyo pali zipangizo zina zomvera kugwedezeka kwa nthaka. Koma imathandiza kudziwa mtundu wa ngozi, kuti anthu akonzekere.

Laciwiri ndi misewu. Basalt wophwanya amamuthira pomanga misewu ndi njanji. Koma si basalt aliyense amene ali wabwino. Wina anawola m'kati, maminerali ake ena anasanduka dongo. Kunja amaoneka wolimba, koma mvula ikagwa kangapo amanyenyeka. Maikulosikopu imaonetsa zimenezi ndalama zisanawonongeke.

Lacitatu ndi cuma ca m'nthaka yathu. M'cigawo ca Tete muli malasha a ku Moatize, muli citsulo, muli golide. Anthu amacokera kutali kudzawerenga miyala yathu. Kubwera kwawo si kolakwika. Colakwika n'cakuti mwini nthaka asamadziwe zimene wapondapo. Sukulu zophunzitsa nchito imeneyi zilipo. Ku Moatize kuli Instituto Médio de Geologia e Minas. Ku Maputo, pa Universidade Eduardo Mondlane, amaphunzitsanso za miyala. Makomo amenewa ndi a anyamata ndi atsikana omwe. Mwana wamkazi akatola mwala, mufunseni funso lomwelo limene mungamufunse mlongo wake.

Tisamvane molakwika. Sitikunena kuti ana apite ku maenje okumba golide. Maenje amagumuka, ndipo amapha. Malo a mwana ndi ku sukulu. Sitikunenanso kuti mwala uliwonse wonyezimira ndi ndalama. Mwana amene waphunzira kuyang'anitsitsa ndiye amene sadzanamizidwa ndi kunyezimira.

Tiyeni tiyese kunyumba

Nazi nchito 3 zimene banja lingacite popanda kugula kanthu.

1. Tolani miyala 5 yosiyana. Itsukeni, ndipo muiyang'ane ikadali yonyowa. Mwala wonyowa umaonetsa bwino mitundu yake. Funsanani kuti: Ndi uti wosalala? Ndi uti wolemera? Ndi uti uli ndi timibulu tooneka ndi maso? Ndi uti uli ndi timabowo? Kenaka iikeni m'magulu. Mwana anene yekha cifukwa cimene waikira mwala uwu pamodzi ndi uwo.

2. Pangani cokulitsira canu. Tengani kapulasitiki koonekera mbali zonse. Donthezanipo dontho limodzi la madzi. Gwirani kapulasitikiko pamwamba pa mwala kapena pa zilembo za m'buku lino. Kwezani pang'ono, tsitsani pang'ono. Muona kuti dontho likukulitsa zimene zili pansi pake. Botolo loyera lodzaza madzi limacitanso cimodzimodzi.

3. Limani timibulu ta mcere. Sungunulani mcere wambiri m'madzi ofunda. Ena mwa madziwo athireni m'mbale, muike pa mthunzi, mudikire masiku angapo mpaka aume okha. Ena pang'ono, munthu wamkulu awaumitse msanga pa civundikiro ca poto cotentha. Tsopano yerekezani. Pa civundikiro patsala mcere wosalala ngati ufa. M'mbale mutsala timibulu tooneka bwino, ta ngodya ngati timabokosi. Apa madzi akuuma, pamene ciphalaphala cimazizira. Koma lamulo ndi lomwe lija: kambulu kamafuna nthawi kuti kakule.

Ana inu, kumbukirani izi. Musaswe miyala nokha, cifukwa tizidutswa tikhoza kulowa m'maso. Musagende anzanu kapena ziweto. Musapise dzanja pansi pa mwala waukulu, cifukwa pamabisala zinkhanira ndi njoka. Musayang'ane dzuwa kudzera m'galasi kapena m'botolo.

Pempho lathu

Makolo, sitikupempha ndalama. Tikupempha citini cimodzi cakale, kuti mwana azisungiramo miyala yake, thumba lisang'ambike. Tikupemphanso kanthawi kocepa madzulo, kuti mumve zimene waona. Ngati wafunsa funso limene yankho lake mulibe, musamukalipire. Muuzeni kuti: "Tiye tikafunse aphunzitsi." Safunsa anadya phula.

Aphunzitsi, ikani miyala ya ana pa ngodya ya kalasi. Mwala uliwonse ukhale ndi kapepala konena kumene unatoledwa. Miyala ya ku mtsinje ikhale payokha, ya ku phiri payokha. Pakutha pa caka ana adzakhala atadziwa nthaka ya kwawo kuposa mmene ankaidziwira.

Si mwana aliyense amene adzaike diso pa maikulosikopu ya miyala. Ambiri adzakhala alimi, anamwino, amisiri ndi aphunzitsi. Koma mlimi amayang'anitsitsa tsamba lodwala. Namwino amayang'anitsitsa bala. Mmisiri amayang'anitsitsa mng'alu pa khoma. Onsewa amafuna diso lodekha, ndipo diso lodekha limaphunzitsidwa mwana akadali wamng'ono.

Mawu atsopano

Cinyanja ndi Cipwitikizi:

mwala: pedra
moto: fogo
phiri lophulika: vulcão
ciphalaphala: lava
maikulosikopu: microscópio
kambulu ka m'mwala: cristal
galasi: vidro
kuwala: luz
mcere: sal
mwezi wa kumwamba: lua